Chiwindi cha Abambo, Chiwindi cha Amayi

Moni kwa inu a ku Kaseye ndi midzi yozungulira, inu a pa boma la Chitipa, a ku Misuku, a ku Nthalire, ndi inu amene mukumvera muli m'mbali mwa mtsinje wa Songwe. Lero tikamba za chiwindi. Sindikunena cha mbuzi chija timalimbirana pa kanyenya, ayi. Ndikunena chanu, chimene chili mbali ya kumanja, kunsi kwa nthiti, chikugwira ntchito pamene mukumvera pano. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo. Chiwindi cha mwamuna ndi cha mkazi sizivulala mofanana, sizichiranso mofanana. Kusiyanaku sikuchokera pa khalidwe lokha. Kuli m'kati, m'mene chitetezo cha m'thupi chimaimbira mfuwu. Ngati zili choncho, uphungu wopita kwa abambo ndi wopita kwa amayi sungakhale wa muyezo umodzi.

Tiyambe ndi chiwindicho. Amene anasendapo mbuzi akudziwa kuti akuluakulu sathamangira ntchafu. Amayamba atulutsa chiwindi, n'kuchiika pa tsamba la nthochi, n'kuchitembenuza. Chikakhala chosalala, chonyezimira, chofewa pochidina ndi chala, amagwedeza mutu kuti nyama ili bwino. Chikakhala ndi mawanga oyera, kapena timibulu tolimba, nkhope zimasintha. Akuluakuluwo salakwitsa. Zambiri zimene matumbo atenga kuchokera m'chakudya zimayamba zadutsa m'chiwindi zisanafike kwina kulikonse. Nsima, mowa, mapiritsi, mankhwala a zitsamba, zonse zimadzera pa chipata chimenechi. Ife a m'malire tikudziwa kuti chipata chopanda alonda si chipata. M'chiwindi namonso muli alonda. Ndi timaselo ta chitetezo timene timakhala m'mbali mwa timitsempha ta magazi, ndipo timatchedwa ndi dzina la Kupffer, katswiri wa ku Germany amene anatifotokoza m'chaka cha 1876. Ntchito yake ndi kumeza tizilombo ndi zinyalala. Koma tikaona kuti maselo a chiwindi akufa, timaimba mfuwu.

Mvetsetsani bwino za mfuwuwu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mbala ikalowa m'khola usiku, mwini khola amakuwa. Anthu amatuluka ndi zibonga ndi matochi. Mbala imathawa, inde. Koma m'mawa mukayang'ana, mupeza dimba la masamba lapondedwa lonse, mpanda wagwa, ndipo si mbala yachita zimenezi, ndi obwera kudzathandiza. Kenaka anthu omwewo ndi amene amabwera ndi nsungwi kudzamanganso mpanda. M'thupi, mfuwu umenewu ndi timapuloteni timene maselo amatumizirana, ndipo kamodzi kodziwika kwambiri kamatchedwa IL-6. Kameneka kamaitana chitetezo, kamabweretsa kutupa, komanso kamauza maselo otsala kuti agawikane, atseke bala. Chiwindi n'chodabwitsa pochira. Khoswe akamuchotsa mbali yaikulu ya chiwindi, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chimakhala chabwerera pa msinkhu wake. M'chaka cha 1996 akatswiri a ku America anaonetsa kuti mbewa zopanda IL-6 zimalephera kuchira bwino motero. Choncho mfuwu ndi wofunika. Vuto ndi mfuwu wosatha, wa usiku ndi usiku, chaka ndi chaka. Mpanda womangidwa n'kugwetsedwa kosalekeza umasanduka zipsera zokhazokha. Chiwindi chimauma, chimalimba, ndipo pakati pa maselo ogawikana mosapumawo, lina limasokonekera n'kuyambitsa khansa.

Tsopano tifike pa abambo. Padziko lonse lapansi, khansa ya chiwindi imagwira amuna kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa akazi. Chifukwa chake n'chiyani? Ndikumva kale yankho la ambiri: abambo amamwa kwambiri, basi. N'zoona, kuno kwathu amuna akumwa mowa ndi ochuluka kutalitali poyerekeza ndi akazi, ndipo sinditsutsa kuti mowa uli ndi mlandu waukulu. Koma tamvani izi. M'chaka cha 2007, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Michael Karin ku San Diego linafalitsa zimene linapeza pa mbewa. Mbewa zazimuna ndi zazikazi zinapatsidwa poizoni wofanana woyambitsa khansa ya chiwindi. Zinkadya chakudya chimodzi. Palibe mbewa imene inkazemba usiku kupita ku kachasu. Komabe zazimuna zinadwala khansa pafupifupi zonse, zazikazi zochepa chabe. Atayeza magazi, anapeza kuti alonda a m'chiwindi cha mbewa zazimuna ankatulutsa IL-6 wambiri. Mwa zazikazi, homoni yachikazi yotchedwa estrogen inkatontholetsa alondawo. Atapatsa zazimuna estrogen, mfuwu unatsika ndipo chiwindi sichinavulale kwambiri. Atayesa mbewa zazimuna zopandiratu IL-6, kusiyana kuja kunatha. Mwamva? Mowa panalibe, koma kusiyana kunalipo.

Nanga kwa anthu? Chimene chimayambitsa khansa ya chiwindi kwambiri kuno ku Africa ndi kachilombo ka hepatitis B. Kamafala kudzera m'magazi, pogonana, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, komanso pakati pa ana aang'ono. Munthu wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakagonjetsa. Khanda likakatenga pobadwa, kawirikawiri kamakhazikika moyo wonse. Ndipo pakati pa amene kawakhazikika, amuna amachuluka. Kachilomboka kamamvanso homoni yachimuna, ndipo ikakafikira kamaswana mofulumira. Munthu amayenda nako zaka makumi awiri, makumi atatu, akulima, akukwera njinga kupita ku msika ndi matumba a chimanga, osamva kupweteka kulikonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda m'chaka cha 2002, pamodzi ndi akatemera ena a ku sikelo. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre anapeza kuti mwa akuluakulu, pafupifupi anthu 5 pa 100 aliwonse anali ndi kachilomboka, pamene mwa ana obadwa katemera atayamba sanakwane ngakhale mmodzi pa 100. Nkhani yabwino kwa ana athu. Koma inu bambo amene munabadwa chisanafike chaka cha 2002, katemera wa ku sikelo ameneyu anakuphonyani.

Onjezani chuku. Taonani mayi atakhala pa mphasa, lichero pamiyendo, akusankha mtedza. Wonenepa, wosalala, akuuika m'thumba logulitsa. Wofota, wothimbirira, wokhala ndi kaufa kobiriwira m'kati, akuuika pambali. Wapambaliwu upita kuti? Nthawi zambiri susowa ntchito. Usinjidwa, ukhale nsinjiro za m'ndiwo. Chimanga choola nacho ena amati chikhoza kufulira mowa. Poizoni wa chuku satha pophika. Amapita m'chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B, ngozi ya khansa imakwera mowirikiza kwambiri. Banja lonse limadya m'mbale imodzi. Koma m'banjamo, chiwindi chimene chili kale pa moto, chimene alonda ake amakuwa osaleka, nthawi zambiri ndi cha bambo.

Apa wina anena kuti, ndiye amayi ali pabwino, chiwindi chawo n'champhamvu. Dikirani, tisathamange. Titembenuke tione mbali ya amayi, chifukwa nkhani yake ndi yozondoka. Chitetezo cha mkazi, mwachidule, n'chofulumira ndiponso chaukali polimbana ndi mavairasi. Malangizo ambiri a chitetezo ali pa kanthu ka chibadwa kotchedwa X, kamene mkazi ali nato tiwiri pamene mwamuna ali nako kamodzi. N'chifukwa china chimene akazi ambiri amagonjetsera okha kachilombo ka hepatitis C kuposa amuna. Koma galu waukali amene amathamangitsa fisi ndi yemweyo amaluma mwana wa pakhomo. Matenda amene chitetezo chimaukira chiwindi cha mwiniwake amagwira kwambiri akazi. Pali nthenda ina yowononga tinjira ta ndulu imene mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala amayi.

Mwina mukuti, zonsezi ndi za mbewa ndi za azungu, ife sizitikhudza. Funso lolemera, ndipo mbali ina ndikulivomereza. Mbewa si munthu. Zambiri zimene zimaoneka pa mbewa zimakanika zikafika pa anthu, ndipo palibe dokotala amene amapatsa abambo estrogen kuti apewe khansa. Koma umboni wa pa anthu tili nawo konkuno, ndipo ambiri a inu munaukhala. Mukukumbukira pamene ma ARV aulere anayamba m'chaka cha 2004? Piritsi la nthawi imeneyo, Triomune, linali ndi mankhwala otchedwa nevirapine. Linapulumutsa anthu ochuluka zedi, ndipo tisaiwale zimenezo. Koma mwa anthu ena, nevirapine ankatupitsa chiwindi ndi kutulutsa zidzolo m'masabata oyambirira. Ankagwira ndani kwambiri? Mukanaganiza kuti ofooka, amene asilikali a m'thupi atsika kwambiri. Koma zinali zosiyana. Ngozi inali yaikulu mwa amene asilikali awo anali akadali ambiri, makamaka amayi. Malangizo a mankhwalawa anaika malire awiri: mayi amene CD4 yake, chiwerengero cha asilikali aja, yapitirira 250 asayambe nawo mwachisawawa, pamene kwa bambo malire anali 400. Mankhwala amodzi, malire awiri. Chifukwa chimene chinkavulaza chiwindi sanali mankhwala okha, chinali chitetezo chimene chinadzidzimuka nawo n'kuimba mfuwu wopyola muyezo.

Ndipo dziko lathu linachitapo kanthu. M'chaka cha 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse, osadikira kuti CD4 itsike. Izi zinatanthauza kuti amayi ambiri ayamba mankhwala chitetezo chawo chikadali chokwera. Chimodzi mwa zifukwa zimene anawasankhira mankhwala opanda nevirapine chinali chimenechi. Lero akuluakulu ambiri ali pa mankhwala ena atsopano. Ndipo ndinene momveka, kuti pasakhale wosokonezeka: nevirapine wamadzi amene amapatsidwa kwa makanda powateteza ndi nkhani ina, musamusiye. Musasiyenso ma ARV anu. Awiri mwa mankhwala a m'piritsi la masiku ano, tenofovir ndi lamivudine, amapondereza hepatitis B nayenso, ndipo munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akasiya mwadzidzidzi, chiwindi chikhoza kutupa koopsa. Chimene ndikufuna muone n'chakuti kusiyana kwa chiwindi cha mwamuna ndi cha mkazi si nthano ya m'mabuku. Kunasinthapo kale piritsi limene mlongo wanu amalandira pa windo la chipatala.

Tibwerere ku mowa, chifukwa apa ndi pamene ambiri timapusitsika. Abambo omwalira ndi chiwindi cha mowa ndi ambiri, poti omwa ambiri ndi abambo. Koma bambo ndi mayi akamamwa muyezo wofanana, chiwindi cha mayi chimawonongeka msanga, pa mowa wochepa ndiponso m'zaka zochepa. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa osungunulira mowa, choncho kapu imodzi imakhala yaukali kwambiri m'magazi ake. Palinso za mfuwu zija. Mowa umafooketsa khoma la matumbo, ndipo poizoni wa mabakiteriya a m'matumbo amadutsa n'kufika m'chiwindi. Kafukufuku wa pa makoswe anaonetsa kuti estrogen imachititsa alonda aja kuchita ukali wopitirira akakumana ndi poizoni ameneyu. Taonani kudabwitsa kwake. Homoni yomweyo imene inatontholetsa alonda pa nkhani ya khansa, pa nkhani ya mowa ikuwasonkhezera. N'chifukwa chake ndikukana mawu oti chiwindi champhamvu ndi chiwindi chofooka. Palibe champhamvu, palibe chofooka. Chilichonse chili ndi khomo lake lolowera mdani.

Nanga zimenezi zitithandiza chiyani kuno, kumene chipatala chachikulu cha Mzuzu chili kutali, ndipo palibe amene adzatiyeze IL-6? Ili ndiye funso lenileni, ndipo ndikhalapo pang'ono. Pitani pa chipatala chilichonse tsiku la sikelo, kaya pa Kaseye, kaya pa boma. Pa benchi pakhala amayi, kabuku ka chipatala m'manja, ena kakutidwa ndi pepala la pulasitiki kuti kasanyowe. Ayezedwa magazi, ayezedwa kuthamanga kwa magazi, afunsidwa mafunso. Mayi wa ana anayi wadutsa m'manja mwa anamwino kambirimbiri. Bambo ali kuti? Ngati waperekeza, ali panja pansi pa mtengo, wagwira njinga, akucheza ndi anzake za mtengo wa feteleza. Kabuku kake mwina sakudziwa kumene kali. Ndiye onani m'mene zinthu zakhalira. Amene ali pa ngozi yaikulu ya hepatitis B yokhazikika ndi khansa ya chiwindi ndi amene chipatala sichimuona. Amadzafika mimba itatupa ngati ng'oma, maso ali chikasu, miyendo yatupa, atayamba wazungulira kwina chifukwa abale akuti anadyetsedwa. Mankhwala osadziwika muyezo amene wamwa m'njiramo adutsanso m'chiwindi chomwecho. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, akuluakulu anatero.

Kuyeza hepatitis B sikufuna makina aakulu. Pali kachipangizo kofanana ndi koyezera malungo kapena HIV, kongofuna dontho la magazi a pa chala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti amayi oyembekezera aziyezedwa matenda atatu, HIV, chindoko ndi hepatitis B, komanso kuti khanda lilandire katemera wa hepatitis B tsiku lomwe labadwa. Ndi nzeru yabwino, chifukwa imadula mzere wa matenda pa chiyambi. Koma ine ndikuti ikathera pa amayi okha, yatsala theka. Mayi akapezeka nako, mwamuna wake ayezedwe, abale ake obadwa nawo mimba imodzi ayezedwe, makamaka alongo ake. Ngati m'banja mwanu bambo kapena malume anamwalira ndi mimba yotupa akadali ndi mphamvu zolima, musangoti ndi za kumtundu, kapena za anthu oipa mtima. Mwina ndi kachilombo kamene kanadutsa m'banjamo mwakachetechete. Funsani pa chipatala chanu ngati kuyezako kulipo, ndipo ngati palibe, funsani kumene mungakupeze. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo, funso limeneli ndi lanunso. Chinthu chimene anthu sachifunsa sichibwera msanga.

Pali chotsutsa china chimene sindingachilumphe. Ena aopa kuti kulankhula za kusiyana kwa matupi kudzapereka chida kwa amene amanyoza amayi. Adzati, mwamva, wailesi yanena kuti mkazi asamwe, mwamuna amwe. Sindinanene zimenezo, ndipo manda a abambo akuchitira umboni kuti mowa suwasiya. Boma silinaletse mowa wa m'masacheti chifukwa cha amayi. Linaona anyamata akutha. Chimene chinapweteka amayi kwa zaka zambiri si kunena za kusiyana, koma kukubisa. Kwa nthawi yaitali ofufuza ankakonda kugwiritsa ntchito mbewa zazimuna zokha, n'kumaganiza kuti zotsatira zake zikwanira aliyense. Mpaka m'chaka cha 2016 m'pamene bungwe lalikulu lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo ku America, la NIH, linayamba kulamula kuti ofufuza aziganizira zazimuna ndi zazikazi zomwe. Muyezo umene unkatchedwa wa munthu aliyense unali muyezo wa mwamuna.

Amayi oyembekezera, mawu awiri okha kwa inu. Maso akasanduka achikasu muli ndi pakati, musadikire tsiku la sikelo. Pali mtundu wina wa matenda a chiwindi, hepatitis E, wofala kudzera m'madzi akuda, umene kwa anthu ambiri umatha wokha, koma kwa mayi wa mimba yaikulu umapha. Pitani tsiku lomwelo.

Ndipo pali gulu limodzi limene timaliiwala, la amayi amene anasiya kusamba. Estrogen ikatsika, mthunzi uja umene unkaphimba chiwindi umachoka. Mwa amayi odwala hepatitis C, madokotala anaona kuti zipsera za m'chiwindi zimakula pang'onopang'ono mayi akadali pa msinkhu wobereka, kenaka zimathamanga akasiya kusamba. Mafuta a m'chiwindi, amene amayenda limodzi ndi kunenepa ndi matenda a shuga, nawonso amachuluka pa msinkhu umenewu. Komatu ndi pa msinkhu womwewu pamene mayi amaleka kupita ku sikelo, ndipo kabuku kake kamalowa pansi pa sutikesi. Ganizirani mayi wotcheza kachasu. Wadzuka tambala woyamba, wasonkha moto pansi pa mbiya, wamata mpope, akudikira madontho oyamba agwere m'botolo. Ayenera kulawa kuti adziwe ngati mutu watha. Alawanso botolo lachiwiri, alawanso lachitatu. Samadzitcha womwa mowa, ndipo m'mudzi palibe amene anamuonapo akudzandira. Ndalama yake ndi imene ikulipira fizi ya mdzukulu ku sekondale. Namwino akamufunsa ngati amamwa, ayankha kuti ayi, ndipo sakunama mwadala. Choncho anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene mukumvera, kwa mayi wotere funso lisakhale loti, kodi mumamwa mowa amayi? Mufunseni kuti, pa sabata mumatcheza kangati, ndipo amalawa ndani?